Château Canon 2016: vinyo wa pa mwala wa laimu ndi kamwedwe kake

Mukatsegula botolo la Château Canon 2016 n'kuthira m'tambula pompopompo, mwina mudzayamba kudandaula ndalama zanu. Fungo limakhala lobisala, mkamwa mumauma ngati mwaluma nthochi yosapsa, ndipo amene anazolowera vinyo wotsekemera wa m'bokosi akhoza kunena kuti mwamupatsa mankhwala. Vinyoyu alibe changu. Amafuna azizire pa mlingo wake, apume mpweya kwa maola awiri, ndipo pambali pake pakhale nyama. Zitatuzi zikakwana, ali m'gulu la vinyo wofiira wabwino kwambiri amene dera la Bordeaux linatulutsa chaka chimenecho. Chimodzi chikasowa, makamaka kuzizirako, mumamwa vinyo wamba pa mtengo wa vinyo wapamwamba.

Munda wake uli ku Saint-Émilion, tawuni yaing'ono ya ku France yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kum'mawa kwa mzinda wa Bordeaux, kumpoto kwa mtsinje wa Dordogne. Tawuniyi inamangidwa m'mbali mwa chitunda cha mwala wa laimu, mwala woyererako uja amawotcha popanga njereza ndi simenti. Afalansa amautcha calcaire à astéries chifukwa mkati mwake muli zotsalira za nyama za m'nyanja zooneka ngati nyenyezi. Zaka pafupifupi 30 miliyoni zapitazo malo onsewa anali pansi pa madzi. Anthu akhala akusema mwalawu kwa zaka mazanamazana kukamangira nyumba za m'tawuni yapafupi ya Libourne ndi za ku Bordeaux, moti pansi pa minda pali mapanga okumba omwe kuwaphatikiza amakwana makilomita pafupifupi 200. Ngakhale tchalitchi chakale cha pakati pa tawuni sanachite kumanga ayi, anachigoba m'thanthwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1100. Bungwe la UNESCO linaika dera lonseli pa mndandanda wa malo otetezedwa mu 1999.

Canon ali pamwamba penipeni pa chitundacho, chakumadzulo kwa tawuni, pafupi ndi tchalitchi cha Saint-Martin, moyandikana ndi minda ya Clos Fourtet ndi Beau-Séjour Bécot. Dzinali linachokera kwa Jacques Kanon, msilikali wa panyanja amene anagula malowa mu 1760. Kuyambira 1996 eni ake ndi banja la Wertheimer, lomwenso ndi eni kampani ya Chanel, ndipo vinyo wa 2016 anapangidwa motsogozedwa ndi Nicolas Audebert.

Zimene mwala umachita ndi zimene suchita

Tiyambe ndi bodza lomwe ogulitsa amakonda: loti mukamamwa vinyo wa pa laimu mumalawa mwalawo. Mwala sulowa mu mphesa. Mizu imatenga madzi ndi michere yosungunuka basi, ndipo michere imene imafika m'tambula ndi yochepa kwambiri moti lilime silingaimve. Koma kusiyana kulipo ndithu, ndipo kumachokera ku zinthu ziwiri zodziwika bwino: madzi ndi asidi.

Pamwamba pa chitunda dothi ndi lochepa. Mukakumba, m'malo ambiri khasu limagunda thanthwe musanafike theka la mita kapena kupitirira pang'ono. Thanthwelo lili ndi timabowo tambirimbiri ngati siponji. Mvula ikachuluka limamwa madzi otsala, mizu siikhala m'chithaphwi. Kukachita ng'amba madzi omwewo amakwera pang'onopang'ono kubwerera ku dothi, monga mafuta amakwerera pa chingwe cha koloboyi. Choncho mpesa sukhuta madzi, komanso sufa ludzu. Umakhala ndi kaludzu kosatha, ndipo kaludzu kameneka ndi komwe mlimi wa mphesa amafuna: mpesa umasiya kutulutsa masamba atsopano msanga, mphamvu n'kupita ku zipatso, mphesa n'kukhala zing'onozing'ono za khungu lochindikala. Mtundu wa vinyo, fungo lake ndi tanini, chinthu chija chimaumitsa mkamwa, kwakukulu zimachokera m'khungu. Mphesa zazing'ono zimatanthauza khungu lambiri pa madzi ochepa.

Za asidi ndiye zimadabwitsa aliyense amene anathirapo laimu m'munda wa chimanga. Laimu amachepetsa asidi m'dothi, koma vinyo wochokera pa dothi la laimu amakhala ndi asidi womveka kwambiri. Chifukwa chake ndi potaziyamu, K yemwe mumamuona pa thumba la feteleza. Dothi likadzaza ndi kasiyamu, mpesa umatenga potaziyamu wochepa. Mu mphesa potaziyamu amagwirana ndi asidi n'kumufooketsa, ndiye akachepa asidi amatsala wamphamvu. N'chifukwa chake vinyo wa pa chitunda kawirikawiri amakhala ndi pH (muyezo wa asidi: nambala ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka) yozungulira 3.5 kapena 3.6, pamene vinyo wa mphesa za Merlot wa pa mchenga chaka chotentha amatha kufika 3.8. Kusiyanaku kumaoneka kochepa pa pepala, koma mkamwa ndi kwakukulu: woyambayo amatulutsa malovu n'kukusiyani mukufuna kumwanso, wachiwiriyo amalemera pa lilime ndipo tambula yachiwiri imakukolani.

Mwalawu ulinso ndi nkhanza zake. Pa dothi la laimu wambiri mizu imalephera kutenga ayironi, masamba amachita chikasu mitsempha yokha n'kutsala yobiriwira, ndipo mpesa umafooka. Vutoli linakula kachilombo kodya mizu kotchedwa phylloxera katafika ku France kuchokera ku America m'zaka za m'ma 1860. Njira yopulumukira inali kumezanitsa mipesa ya ku Ulaya pa mizu ya mipesa ya ku America, koma mitundu yoyamba yomwe anayesa inkachita chikasu pa laimu. Mu 1887 boma la France linatumiza katswiri Pierre Viala ku America, ndipo mothandizidwa ndi T. V. Munson wa ku Texas anapeza mpesa wa kutchire wotchedwa Vitis berlandieri ukukula bwino pa miyala ya laimu. Poti nthambi zake zimavuta kumera mizu, anaukwatitsa ndi mitundu ina. Mizu yopirira laimu monga 41B ndi Fercal ili ndi magazi a mpesa umenewu. Popanda ntchito imeneyi, vinyo wa pa zitunda za laimu bwenzi ili mbiri yakale.

Chaka cha 2016 chinali ngati mayeso a zonsezi. Kuyambira Januwale mpaka pakati pa Juni mvula inagwa mosalekeza ku Bordeaux, ndipo matenda a nkhungu a pa masamba anasautsa alimi. Kenako kumwamba kunatseka: kuchokera kumapeto kwa Juni mpaka pakati pa Seputembala kunalibe mvula yoti n'kuitchula. Mipesa ing'onoing'ono ya pa mchenga ndi pa nsangalabwi inavutika, ina mpaka kuima kupsa. Ya pa chitunda inali ndi nkhokwe ya madzi a miyezi isanu ndi umodzi pansi pake. Mvula itagwa pa 13 Seputembala, kunatsatira masabata a dzuwa masana ndi kuzizira usiku, alimi n'kukolola mosathamanga.

Chili m'botolo

Vinyoyu ndi wosakaniza mitundu iwiri ya mphesa: Merlot pafupifupi magawo atatu mwa anayi, ndi Cabernet Franc gawo lotsalalo. Merlot amapsa msanga, amapereka mnofu ndi kukoma kwa zipatso. Payekha, makamaka chaka chotentha, amatha kukhala wolemera ndi waukali wambiri. Cabernet Franc amapsa mochedwerapo, amabweretsa fungo la maluwa ndi la masamba onunkhira, ndipo amatalikitsa kukoma pakhosi. Akathyoledwa asanapse bwino amanunkha tsabola wobiriwira wosawawa uja, fungo lomwe silichoka ngakhale musunge botolo zaka makumi awiri. Mu Canon 2016 fungo limeneli mulibe. Vinyo akatha kuwira amakhala m'migolo ya mtengo wa oak ya malita 225 kwa miyezi pafupifupi 18, ina yatsopano ina yogwiritsidwapo kale. Ukali wake uli cha m'ma 14 peresenti.

Thirani pang'ono, mupendeketse tambula pamwamba pa pepala loyera. Pakati ndi pofiira modera, koma osati bii ngati inki. Zilembo za pa pepala zimaonekera m'mphepete. M'mbali mwenimweni mwayamba kutuwirako kuchoka ku pepo wa vinyo wamng'ono, koma simunafike pa mtundu wa njerwa. Mizere yotsetsereka m'tambula mukapukusa isakutengeni mtima. Imangosonyeza ukali wa mowa, siinena chilichonse za ubwino.

Nunkhizani musanapukuse, kenako pukusani masekondi asanu n'kununkhizanso. Pa mphindi zoyamba mumamva matcheri ofiira, kamtengo ka pensulo yongosongola kumene, ndi kafungo ka mgolo kokhala ngati vanila patali. Basi. Pakatha theka la ola zipatso zimayamba kudera: mabulosi akupsa, mapulamu. Pa ola limodzi ndi theka kapena awiri ndi pomwe Cabernet Franc amadzuka, ndipo pamabwera fungo la maluwa ouma, minti pang'ono, thabwa la mkungudza, ndi fodya wouma bwino ali m'chigafa. Pansi pa zonsezi pali fungo lozizira ngati la khoma lopaka njereza likanyowa ndi mvula yoyamba. Limeneli ndi lomwe anthu amalitcha fungo la mwala. Kufanana kwake n'koona, ngakhale gwero lake si mwala.

Polawa, tengani kochuluka ngati supuni yaikulu imodzi, kakhale mkamwa masekondi asanu mpaka khumi, kafike m'nkhama ndi pansi pa lilime, kenako kokani kampweya pakati pa milomo musanameze. Zinthu zitatu muzisiyanitse, chifukwa ambiri amaziphatikiza n'kungoti "akuwawa". Asidi mumamudziwa ndi malovu otuluka m'mbali mwa lilime mutameza. Tanini mumamudziwa ndi kuuma kwa nkhama ndi mkati mwa milomo, monga amachitira tiyi wopanda mkaka yemwe masamba akhalitsamo. Ukali wa mowa mumaudziwa ndi kutentha pakhosi. Mwa Canon 2016 asidi ndi wooneka, ukali sumveka ngati vinyo wazizira bwino, ndipo tanini ndi wambiri koma wosalala zedi. Apa ndiye pagona ubwino wake. Tanini wa mphesa za Cabernet Sauvignon za pa nsangalabwi za ku Médoc, dera lina la ku Bordeaux, amagwira nkhama molimba ngati gaga. Uyu ali ngati ufa woyera wosefa kawiri, kapena fumbi la choko lotsala m'zala: amayala lilime lonse mofanana, osaluma pamalo amodzi. Vinyo samadzaza mkamwa mwamphamvu poyamba. Amalowa mowongoka, n'kumakula akamapita kukhosi. Mukameza werengani chamumtima. Kukoma kumapitirira masekondi 40, ndipo chomaliza kuzimiririka ndi kamchere pang'ono, osati shuga kapena thabwa.

Pali zomwe sitinakondwere nazo. Pa ola loyamba mgolo umamvekabe kuposa momwe uyenera, ndipo wina akhoza kunena kuti pakati pa lilime m'mopepuka poyerekeza ndi mtengo wake. Amene amafuna vinyo wonenepa, wakuda, wokoma ngati jamu, monga Shiraz wa kumalo otentha, aona ngati wamanidwa. Kwa ife kupepuka kumeneko ndi khalidwe la pa chitunda, osati chilema, koma ndi bwino mudziwiretu musanatulutse ndalama. Chinanso, vinyoyu sanafike pachimake. Akumweka lero ngati mwamupatsa mpweya, koma botolo losungidwa bwino lidzakoma koposa m'zaka za m'ma 2030.

Kuzizira, mpweya ndi tambula

Langizo loti vinyo wofiira amwedwe pa kutentha kwa m'chipinda linachokera m'nyumba zamiyala za ku Ulaya, momwe chipinda chinkakhala pa madigiri 16 mpaka 18. Chipinda cha ku Lilongwe kapena ku Tete mu Okutobala chimakhala ndi madigiri khumi kapena kuposa pamwamba pa amenewo, ndipo nyumba ya ku Leeds ku England yoyatsa hita nayonso imadutsa 20. Vinyo akapitirira madigiri 20 mowa umayamba kuuluka mwamsanga n'kuphimba fungo la maluwa, asidi amaoneka wofooka, pakhosi n'kumatentha. Ndiye kuti mwachotsa chenicheni chimene mwala unapereka. Akazizira kwambiri, pansi pa 13, fungo limatsekeka ndipo tanini amauma n'kuyamba kuwawa. Pakati pa ziwirizi, kulakwira kozizira kuli bwino, chifukwa m'tambula vinyo amafunda yekha.

Dongosolo lake ndi ili. Dzulo lake imikani botolo chilili pamalo ozizira kuti nsenga zikhale pansi. Patsikulo, ngati m'nyumba muli madigiri 25 kapena kuposa, liikeni m'firiji mphindi 40 mpaka 50. Magetsi akazima, chidebe cha madzi osakaniza ndi ayezi theka ndi theka chimachita ntchito yomweyo m'mphindi khumi zokha. Ayezi yekha wopanda madzi amachedwa chifukwa sakhudza botolo lonse. Dulani chikutiro cha pakamwa pa botolo m'munsi mwa mlomo wake, pukutani, lowetsani chotsegulira pakati penipeni pa chitsekero cha cork mpaka kutsale kupota kumodzi, n'kukoka pang'onopang'ono mowongoka. Zitsekero za vinyo wotere zimakhala zazitali, pafupifupi masentimita 5, ndipo zimathyoka mukalowetsa chotsegulira theka lokha.

Lawani kaye pang'ono, kenako tsanulirani vinyo mu decanter, chiwiya chagalasi chopumitsiramo vinyo. Ngati mulibe, jagi yagalasi ya lita imodzi yotsuka bwino ndi madzi otentha, yopanda fungo la sopo kapena la skwashi, ikwanira. Tsanulani kamodzi osaimaima, tochi ya foni ikuwala pansi pa khosi la botolo, ndipo mukaona nsenga zikufika pakhosipo lekani. Pamatsala ngati supuni ziwiri. Kenako dikirani maola awiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Vuto lomwe ambiri saliganizira ndi loti m'maola awiriwo jagi imafunda mpaka kufanana ndi chipinda. Ikhazikeni m'beseni la madzi ozizira okhala ndi tizidutswa ta ayezi tiwiri kapena titatu. Njira ina ndi yotsuka botolo, kubwezeramo vinyo akatha kupuma, n'kuliika m'firiji mphindi 20 chakudya chisanafike patebulo. Langizo la maola awirili ndi la vinyo wa zaka khumi ngati uyu. Botolo la zaka makumi atatu mumangolichotsa nsenga n'kumwa nthawi yomweyo, chifukwa mpweya umalipha msanga.

Tambula ikhale yaikulu, ya mamililita 500 kapena 600, yotakata pamimba ndi yopanikiza pakamwa, kuti fungo lisonkhane. Thirani mamililita 100 mpaka 125, osapitirira potakata pa tambula. Botolo la mamililita 750 limatulutsa matambula asanu ndi imodzi a 125, ndipo botolo limodzi limakwanira anthu atatu kapena anayi pa chakudya. Gwirani pa mwendo wa tambula kuti dzanja lisafunditse vinyo. Matambula okhalitsa m'kabati yathabwa kapena m'katoni amatenga fungo la mmenemo. Anunkhizeni ali opanda kanthu, ndipo ngati akununkha atsukuluzeni ndi madzi okha. Vinyo wambiri amanamiziridwa kuti waonongeka pamene cholakwa ndi tambula.

Botolo likakhala loonongeka

Kulawa pang'ono musanatsanulire mu jagi kuli ndi cholinga. Ngati mukumva fungo la katoni yonyowa kapena la nsanza yochita nkhungu, ndipo zipatso sizikumveka n'komwe, chitsekero chaipitsa vinyo ndi mankhwala otchedwa TCA. Amapangika nkhungu ikakumana ndi klorini mu cork. Sadwalitsa, koma sachoka. Mpweya umangowonjezera fungolo. Bwezerani chitsekero, botolo libwerere kwa wogulitsa lisanamwedwe.

Kwa ogula a kumayiko otentha mdani wamkulu ndi kutentha kwa panjira. Botolo likakhala m'kontena pa doko, m'buti ya galimoto kapena pa shelefu yowombedwa dzuwa, vinyo amafufuma n'kukankha chitsekero. Zizindikiro zake mumaziona musanagule: chitsekero chotukuka pamwamba pa mlomo wa botolo, chikutiro chomata chosazungulira mukachipotoza, mzere wofiira wouma pa khosi kapena pa pepala, kapena vinyo wotsika kufika pa mapewa a botolo. Pa vinyo wa 2016 mlingo uyenera kukhala uli m'khosi. Wotereyu akatsegulidwa amamveka ngati zipatso zophika, ndipo kukoma kumatha msanga. Mpweya ukalowa nthawi yaitali mtundu umasanduka wa bulawuni, fungo n'kukhala la apozi wodula wogonera, mapeto ake viniga.

Fungo la machesi ongozima kumene kapena la dzira lowiritsa lisakuopseni. Limabwera vinyo akakhala nthawi yaitali osaona mpweya, ndipo kawirikawiri limachoka m'mphindi 20 za mu jagi. Timiyala tonyezimira ngati shuga pansi pa chitsekero ndi asidi wa mphesa yemwe wagwirana ndi potaziyamu, tilibe vuto. Fungo la khola la ng'ombe limachokera ku yisiti ya kutchire yotchedwa Brettanomyces. Likakhala lapatali ena amalikonda, koma likaphimba zipatso ndi chilema, ndipo pa vinyo wa mtengo uwu simuyenera kulilandira.

Chodyera

Tanini amagwirana ndi mapuloteni. Mkamwa mukakhala mopanda kanthu amagwira a m'malovu, n'chifukwa chake mumauma. Mukakhala nyama ndi mafuta amagwira zimenezo, vinyo n'kuoneka wofewa. Eni ake ku Bordeaux amadyera nyama ya ng'ombe yootcha pa makala a nthambi za mpesa, nkhosa, ndi bakha. Mwendo wa mbuzi wootcha pang'onopang'ono ndi mchere, adyo ndi tsabola wakuda umagwirizana naye bwino kwambiri, chimodzimodzi nkhunda, nkhanga, kapena bowa wokazinga ndi anyezi. Nsima, mpunga kapena mbatata ya kachewere sizilimbana naye. Cholimbana naye ndi tsabola wa kambuzi: amakuza kutentha kwa mowa ndipo tanini amasanduka wowawa. Msuzi wa tomato wambiri umapikisana ndi asidi wake. Nsomba, kaya chambo kaya usipa, zimasiya kukoma kwa chitsulo mkamwa zikakumana ndi vinyo wofiira wa tanini. Chilichonse cha shuga chimamuchititsa kuoneka wowawasa ndi woonda, choncho keke idikire tambula ithe.

Kuwerenga pepala la pa botolo, ndi mtengo

Apa ambiri amapunthwa. Mawu oti Saint-Émilion Grand Cru si udindo wapamwamba. Ndi dzina la gulu lomwe minda mazanamazana imaligwiritsa ntchito, yambiri mwa iyo ili kuchigwa pa mchenga. Udindo umayamba ndi liwu loti Classé. Mndandanda wake unayamba mu 1955 ndipo amauunikanso pafupifupi zaka khumi zilizonse. Wa 2022 uli ndi minda 71 ya Grand Cru Classé ndi 14 ya Premier Grand Cru Classé, ndipo Canon ali m'gulu la 14 limeneli. Iwiri yokha, Figeac ndi Pavie, ndi yomwe ili ndi chilembo A pamwamba pake. Ausone, Cheval Blanc ndi Angélus anadzichotsa okha pa mndandandawu usanatuluke, kotero kusowa kwa udindo pa mabotolo awo atsopano sikutanthauza kutsika.

Samalaninso ndi mayina ofanana. Château Canon-la-Gaffelière ndi munda wina wa eni ena, wa kumunsi kwa chitunda. Canon-Fronsac ndi dzina la dera lina lonse kumadzulo kwa Libourne. Onsewa ali ndi vinyo wabwino, koma si amene tikukamba pano.

Ku Ulaya botolo la Canon 2016 kawirikawiri silipezeka pansi pa mayuro 100, ndipo likawoloka malire n'kulipira misonkho mtengo umakwera kwambiri. Kodi ndi loyenera ndalamazo? Ngati muli ndi posungira pozizira ndipo mwagula kwa wogulitsa amene angakuuzeni momwe botolo layendera, inde. Ngati mwalipeza pa shelefu yotentha, lisiyeni ngakhale atsitse mtengo. Amene akufuna kungodziwa khalidwe la laimu ali ndi njira zotsika mtengo. Croix Canon ndi vinyo wachiwiri wa munda womwewu ndipo amamweka msanga. Madera oyandikana nawo a Castillon, Montagne-Saint-Émilion ndi Fronsac ali ndi zitunda za laimu zomwezo, mitengo yake n'kukhala yotsika kutali. Okhala ku Joni kapena ku Cape Town ayang'ane ku Robertson, dera la dothi la laimu wambiri, komwe munda wa Springfield umapanga vinyo wosakaniza wotchedwa The Work of Time kuchokera ku mitundu ya mphesa ya ku Bordeaux. Kumeneko n'kotentha kuposa ku Saint-Émilion ndipo minda imathiriridwa, ndiye zipatso zake zimamveka zakupsa kwambiri. Musayembekezere chinthu chofanana ndendende. Njira yophunzirira msanga ndi yotsegula mabotolo awiri a chaka chimodzi, lina la pa chitunda lina la pa mchenga, kuwaziziritsa mofanana, n'kumalawa mosinthanasinthana mukungoyang'anira malovu ndi nkhama, osati fungo.

Posunga, botolo ligone chammbali kuti chitsekero chisaume, mumdima, pa madigiri 12 mpaka 14 ngati n'kotheka. Kutentha kokwerako pang'ono koma kosasinthasintha kuli bwino kusiyana ndi kokwera masana n'kutsika usiku, chifukwa kufufuma ndi kubwerera kwa vinyo kumapopera mpweya kudzera m'mbali mwa chitsekero. Kukhitchini ndi pamwamba pa firiji ndi malo oipitsitsa. Ngati mulibe firiji ya vinyo, pansi pa kabati ya chipinda cha pakati pa nyumba, botolo lili m'katoni yake, pangathandize kwa miyezi ingapo, koma osati zaka. Firiji ya zakudya ndi yabwino kwa masabata ochepa okha; mpweya wake wouma umafinyitsa cork.

Vinyo akatsala, musamusiye mu jagi. Mutsanulireni m'kabotolo kakang'ono kagalasi koyera kuti kadzaze mpaka pakhosi, tsekani, kalowe m'firiji. Mawa lake katulutseni mphindi 30 musanamwe. Canon 2016 pa tsiku lachiwiri amakhala atataya fungo la mgolo, mabulosi ndi fodya zili poyera, tanini atafewa ndithu. Pofika tsiku lachinayi zipatso zimakhala zitatha, ndipo chotsalacho n'choyenera kuthira mu mphika wa nyama.